Kafupa ka nkhuku m'mbale ya apongozi

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la nyumba yathu, ndipo timakhala ndi apongozi anga aamuna. Ali ndi zaka 72, anali akatekisiti kwa nthawi yaitali, ndipo amadwala shuga. Adokotala anawauza kuti mankhwala azimwa atadya, komanso asamadumphe chakudya.

Lenti itangoyamba anatiuza kuti nyama saikhudza mpaka Pasaka, ndipo azidya kamodzi kokha patsiku. Sabata yachiwiri ndinawapeza atagwa m'bafa, thukuta lili kamukamu, akunditchula dzina la malemu akazi awo. Nditauza amuna anga anangoti, "Iwe pezapo nzeru, bola azidya zopatsa mphamvu."

Nzeru yomwe ndinapeza ndi imene yandiika m'madzi. Ndinayamba kuwiritsa nkhuku, kuinyenya bwinobwino n'kuisakaniza mu nyemba zawo. Ankadya n'kumayamikira kuti nyemba za chaka chino n'zokoma. Lachisanu lapitali kafupa kanandipulumuka. Anakatulutsa mkamwa, n'kukaika m'mbali mwa mbale, n'kundiyang'ana. "Mayi, kodi lero ndi lachingati?" Amuna anga anali pompo, koma anangoweramira mbale yawo ngati sakudziwapo kanthu.

Lero ndi tsiku lachinayi asakukhudza chophika ine. Amadziwiritsira tiyi kuchipinda n'kudyera buledi wouma, koma mankhwala akumwabe. Kuchipindako kukangoti zii, ndimaimitsa makina n'kukatchera khutu pachitseko.

China n'chakuti chaka chatha apongoziwo anakangana ndi mlamu wanga, mwana wawo wotsiriza, n'kumuthamangitsa patebulo chakudya asanachiyambe. Patatha masabata awiri mlamuyo anamwalira pangozi ya galimoto, asanakhululukirane. Dzulo ndinawamva akulankhula okha kuti, "Mwana ndinamupirikitsa ndi njala."

Kodi ndawachimwitsa? Nanga nditani asanatigwerenso?

Ine wosowa mtendere,
L.T.K., kuseri kwa msika

Mwana wanga L.T.K.,

Tiyambe ndi chomwe sichingadikire. Mankhwala a shuga pamimba yopanda kanthu ndi oopsa. Siyani makinawo, mupite nawo kuchipatala lero lomwe, ndipo mukawauze adokotala zomwe akudya popanda kubisa. Mukaonanso thukuta lija, kunjenjemera kapena kulankhula zosokonekera, apatseni chakumwa cha shuga ngati akutha kumeza, kenako thamangani nawo.

Za kuwachimwitsa, khazikani mtima pansi. Munthu sachimwa podya chomwe sakuchidziwa. Lamulo la Mpingo lochepetsa chakudya ndi la masiku awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo silikhudza munthu wa msinkhu wawo. Kusala nyama n'kwa Lachisanu, ndipo odwala Mpingo suwapanikiza. Akatekisiti akuzidziwa zimenezi kuposa ine ndi inu, poti ndiwo ankaziphunzitsa kwa ena. Choncho si Mpingo ukuwasalitsa ayi. Akudzilanga chifukwa cha mbale ija mwana wawo anaisiya osaikhudza.

Koma inunso ndikudzudzuleni. Munawanamiza, pa chinthu chomwe iwo anachipereka kwa Mulungu. Komanso nkhuku yanuyo sinali mankhwala. Chowagwetsa m'bafa sikusowa nyama, koma kukhala tsiku lonse osadya.

Pitani mukapepese, osayamba ndi "koma ndimafuna kukuthandizani". Nenani kuti munachita mantha ndipo munalakwa. Amuna anuwo asiye kuwerenga nyemba m'mbale. Akhale pambali panu n'kuvomera kuti nzeruyo anakutumani ndi iwo. Bambo ndi awo, womwalirayo ndi mng'ono wawo, ndiye asakusiyireni nokha katundu ameneyu.

Kenako pemphani bambo mfumu a parishi yanu abwere kunyumba. Awuzeni zonse, za shuga, za kafupa, makamaka za mlamu wanu. Mawu akuti "idyani" ochoka kwa inu apongozi sangawamve pakali pano, koma kwa wansembe adzawamva. Wansembeyo akhozanso kuwapatsa njira ina yolapira yosawapha. Ine ndikanapempha iyi: azidya katatu monga adokotala ananenera, nyama aisale ndithu ngati akufuna, ndipo Lachisanu lililonse azipakula okha mbale ina n'kukapatsa munthu wanjala. Mwana wawo sangabwerenso patebulo, koma mbale yake ikhoza kupeza woidya.

Chenjezo langa ndi ili: musadzawabisirenso kanthu m'chakudya, ngakhale supuni imodzi ya msuzi. Kwa masiku angapo aziona okha zomwe mukuthira mumphika. Tsiku lomwe adzagwenso, chowadzutsa chidzakhala kapu ya m'manja mwanu, ndipo ayenera kuilandira osayamba afunsa kuti muli chiyani.

Aphungu