Kakalata ka m'Bokosi la Madandaulo

Lolemba, 3 Febuluwale

Andilanda. Masanasana, anthu akuona.

Ndilembe bwino kuti tsiku lina ndisadzati ndinkalota. Masabata atatu apitawo a Choko (aphunzitsi athu a mbiri, choko mpaka m'nsidze) anati aliyense wa Folomu 4 alembe za mtsogoleri uja womenyera ufulu wa anthu, amene chithunzi chake chili pamwamba pa bolodi, ndi mmene mfundo zake zingagwirire ntchito pasukulu ngati yathu lero. Wopambana akayankhula pa mpikisano wa masukulu pa 15. Ine ndinalemba mwana wanga Dona ali pamwendo, iye akukhwatchakhwatcha kuseri kwa mapepala ndi pensulo yake yofiira. Ndipo ndinapambana. A Choko analengeza okha Lachisanu.

Lero andiitana ku ofesi. A Hedi sanandiyang'ane n'komwe, maso ali pa makiyi awo. Akuti nkhaniyo ndi yabwino zedi, koma sukulu singaimike "mtsikana wa mbiri ngati yako" pamaso pa alendo. Ikawerengedwa ndi hedigelo. Akuti ndizithokoza kuti anandilola kubwerera nditabereka, ndipo ndisaiwale pepala lomwe ndinasaina: ndikangopalamula kamodzi, mayeso omaliza sindilemba.

Hedigelo! Yemweyu timamutcha Mngelo, wa masokosi oyera mbee. Mapepala anga anayi ndamupatsa ndekha, ndi manja awiri ngati munthu woleredwa. Iye wawalandira ndi zala ziwiri.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Pa asembule amuimika Mngelo kuti ayeserere. Mawu anga amawawerenga ngati mndandanda wa ochedwa. Malo omwe ndinalemba ndikulira, iye wadutsapo akukonza kolala.

Ndipo tamvani zomwe ndinalembazo. Kuti mkulu wa pachithunzi uja ankaphunzitsa kulimbana ndi lamulo loipa, osati ndi munthu. Kuti akakumenya usabwezere. Kuti akakuthamangitsa pamalo pomwe ukuyenera kukhala, ungokhala pansi phee, chilango chikabwera uchilandire anthu akuona. Ndine ndinalemba zimenezo, ine ndemwe. Lero ndikanakhala ndi mwala m'manja, mkuluyo akanachita manyazi nane.

Pa buleki mnzanga Phokoso anamufunsa Mngelo ngati alibe manyazi kudya thukuta la mnzake. Yankho lake: "Ine ndalakwanji? Mumafuna alendo akamve fungo la mkaka?"

Anthu anaseka. Akukumbukirabe tsiku lija teremu yatha, mkaka utandidonthera pa bulauzi ndili pa bolodi. Woyamba kuseka tsiku limenelo anali iye yemweyu.

Ndinangotembenuka n'kubwerera m'kalasi. Koma ndasunga.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Eee. Dikirani kaye.

M'mawa ndinafika molawirira chifukwa amayi anamutenga msanga Dona. Ndikudutsa kuseri kwa labu, pampopi paja, ndinapeza munthu atawerama akuchukucha m'kamwa. Mngelo. Atandiona anadzuka msangamsanga, akuti wadya zosayenera.

Zosayenera. Chabwino.

Tsiku lonse maso anga anali pa iye. Kunja kukutentha chonchi, anthu tikuzipepesa ndi makope, iye juzi ali chivalire. M'thumba muli ndimu, akumanyambita mobisa aphunzitsi akatembenukira ku bolodi. Phokoso atatsegula chakudya chake cha anyezi, anatuluka osapempha n'komwe.

Ena onsewa ndi ana, saona kanthu. Koma ine msewu umenewu ndinauyenda wapansi.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndatsimikiza. Pokweza mbendera Mngelo anatambasula manja, juzi n'kukwera pang'ono. Zipi ya siketi siyofika pamwamba. Wamangirira ndi pini ndi kalabala, ndendende mmene ndinkachitira ine.

Miyezi inayi, mwina kuposa.

Mulungu andikhululukire, mtima wanga unachita kuvina. Nyimbo ya fuko ndinaimba mokweza kuposa aliyense, mpaka Phokoso anandigunda ndi chigongono.

Fungo la mkaka, eti? Tiona.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Ndikuchapa matewera masana, amayi anaima pakhomo n'kundiyang'anitsitsa. "Kumwetulira kumeneko si kwabwino. Wapha ndani?" Ndinati palibe. Anati, "Usandibweretsere ina, mwana iwe. Msana wanga ukulera kale mmodzi." Ndinangoti ndamva, amayi.

Ndikanatha kungopita kwa a Metironi, oyang'anira atsikana, n'kuwanong'oneza dzina. Koma akanamuitana mwakachetechete, makolo n'kubwera, n'kumveka kuti wasamukira kwa azakhali ake. Ayi. Ine sizinandiyendere mwaulemu choncho.

Ine nthawi ya mimba yanga anatiimika pamzere m'khonde la kuchipinda cha odwala, atsikana a kalasi yonse. Mmodzimmodzi kulowa, kukweza bulauzi, a Metironi kukanikiza pamimba ndi manja awo ozizira aja. Anyamata atadzaza m'mawindo a labu. Amene alibe kanthu ankatulukira khomo lomwe walowera. Ine ananditulutsira khomo lakumbuyo, ndipo sukulu yonse inadziwa ndisanafike n'komwe pa geti. Ndikufuna nayenso alione khomo limenelo.

Ndang'amba pepala m'kope langa. Ndalemba ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zisandigulitse: "Yezani atsikana a Folomu 4. Wina juzi savula."

Chokoma kwambiri n'chakuti bokosi la madandaulo amatsegula a Metironi ali ndi hedigelo, ndipo poti magalasi awo amangowaiwala, amene amawawerengera makalata ndi hedigeloyo. Adzadziwerengera yekha, ndi mawu ake okoma a pa asembule aja.

Mkulu wa pachithunzi andipepese. Iye sanadonthepo mkaka pa bolodi.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndaponya.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Zatheka. A Metironi alengeza kuti Lachinayi ikangotha buleki, atsikana onse a Folomu 4 tikafole kuchipinda cha odwala. Mngelo anaima pambali pawo, nkhope ngati pepala losalembapo. Juzi wavula lero, koma wanyamula kope lalikulu kutsogolo tsiku lonse.

Ndimayembekeza kuti ndikoma mtima mpaka madzulo. Zakoma ndithu, sindinama. Kungoti m'kalasi munali zii. Kamtsikana kena ka pakona, kamene sikayankhula n'komwe, kanalira phunziro lonse la masamu. Kalibe mimba, ndikudziwa. Kali ndi zipsera za moto pamimba ndipo sikafuna munthu azione. Phokoso anamenya desiki: "Amene walemba kakalata kameneko ndi mfiti yeniyeni!" Ine ndinati, "Zoona." Ndinachita kugwedeza mutu.

Tikuweruka a Choko anandiimitsa. Akuti ndimuthandize Mngelo ndime yomaliza, sakuitulutsa bwino. Ndinangowayang'ana. Kenako anatsitsa mawu: "Ndinayesetsa kukulankhulira kwa a Hedi, mwana wanga. Zinakanika."

Ndinati, "Munakhala pansi, sala?"

Anati, "Chiyani?"

"Mu ofesimo. Atakana, munakhala pansi phee ngati mkulu wanu uja, kapena munatuluka?"

Anayamba kupukuta choko m'manja, chomwe sichichoka.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mngelo wandipeza pampopi paja. Tinali awiriwiri.

Anati, "Mwana wako amakonda pensulo yofiira."

Poyamba sindinamve. Kenako ndinazindikira. Kuseri kwa kakalata kaja! Ine kuvutika ndi dzanja lamanzere, osatembenuza pepala kuti ndione. Dona anakhwatchamo kale, mizere yomweija ili kuseri kwa mapepala anayi omwe Mngelo wakhala akuwaloweza sabata yonse.

Ndinati, "Ndiye ukanene."

Anati, "Ndikanene chiyani? Kuti wanama?" Anatsegula mpopi, n'kutsekanso. "Yatsala miyezi itatu yokha kuti tilembe mayeso. Ndikanafika. Ndinawerengetsa bwinobwino."

Inenso nthawi ija ndinawerengetsa bwinobwino. Sindinamuuze.

Ndimadikira kuti andipemphe, agwade, alire, kuti ndimukumbutse za mkaka. Mawu ndinali nditakonza kale, okuthwa bwino. Koma iye anangofunsa, osandiyang'ana: "Zimapweteka? Akamakanikiza?"

Ndinati, "Uona wekha mawa."

Ndinachokapo mutu uli m'mwamba. Ndafika kunyumba, Dona wandibweretsera pensulo yake kuti tilembe, ndamukalipira popanda chifukwa, walira, inenso ndalira. Amayi angomunyamula.

Sindikumumvera chisoni. Ndalemba kuti ndizikumbuka. Sindikumumvera chisoni.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kalata yoitana amayi kusukulu mawa ili m'chikwama. Sindinawapatse. Ndilembe kaye.

Ndinapita kukaonerera, ndisabise. Ndinasita yunifolomu ngati ndikupita ku ukwati. Buleki itatha tinafola m'khonde lija, atsikana makumi atatu ndi mmodzi. Fungo lomwelija la mankhwala opukutira pansi. Anyamata m'mawindo a labu, ena atakwera pa mipando. Mngelo kutsogolo ndi kope la mayina, poti hedigelo ndiye amaitana, iye n'kulowa pomaliza. Milomo yake inali itauma.

A Metironi anatuluka akupukuta manja pa thaulo. Anayang'ana mzere wonse, maso n'kuima pa ine.

"Iwe Make Mwana, bwera uyambe. Wazolowera iwe, uwaonetse anzako."

M'mawindo muja kunaphulika chiseko.

Sindikudziwa kuti ndifotokoze bwanji. Mkwiyo wonse womwe ndakhala ndikuusungira Mngelo masiku khumi unatembenuka, n'kuyang'ana manja aja ali pa thaulo. Anandigwirapo kamodzi manja amenewo, ine n'kutaya chaka chathunthu. Mnyamata amene anandipatsa mimba palibe anamukweza malaya, analemba mayeso ake bwinobwino. Ndiye lero ine ndemwe ndawaitana manjawo, ndi dzanja langa lamanzere, kuti adzagwire atsikana makumi atatu, n'kuyambanso ndi ine?

Ndinakhala pansi. Pasimenti pomwepo, msana kukhoma.

"Dzuka."

"Pepani mayi, sindidzuka. Sindikukunyozani, koma bulauzi yanga sindikweza."

"Waiwala pepala lomwe unasaina?"

"Sindinaiwale, mayi."

Mawu anatuluka bwino. Ndinaona mayeso anga akupita, ndinaona nkhope ya amayi. Ndinatsala pang'ono kudzuka. Kenako ndinamva thii pambali panga. Phokoso. "Inenso miyendo yatopa," anatero. Kamtsikana ka zipsera kanatsatira. Kenako awiri, kenako asanu, kenako masiketi anangoti wayawaya khonde lonse. M'mawindo munati zii.

Anaitana a Hedi. Anabwera makiyi akulira, a Choko ali pambuyo. A Hedi anakalipa, anaopseza, anati awerenga mpaka katatu. Anawerenga. Palibe anasuntha, palibenso anayankha mwano. A Choko sanakhale pansi, koma sanachokenso. Anaima pakhomo la chipinda cha odwala ngati aiwala kumene amapita.

A Hedi anatembenukira kwa Mngelo, yekhayo amene anali chiimire. "Lemba mayina onse. Uyambe ndi amene wayambitsa."

Mngelo anandiyang'ana. Nanenso ndinamuyang'ana. Mumtima ndinati lemba, ndi nthawi yako, tafanana tsopano.

Analemba dzina langa, ndinaona cholembera chikuyenda. Pansi pake analembanso dzina limodzi lokha, n'kupereka kope kwa a Hedi. Iwo anawerenga, n'kukweza mutu.

"Ili ndi dzina lako."

"Inde, sala."

Mngelo anabwera pang'onopang'ono, dzanja lili pa pini ija, n'kudzitsitsa pansi pakati pa ine ndi Phokoso. Ankanunkhira ndimu. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa mapepala anayi opindidwa, mizere yofiira ya Dona ili kunja, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndinawalandira ndi zala ziwiri. Kenako ndinasendera pang'ono kuti msana wake upeze khoma.