Dzina Lathu Lili Kumbuyo kwa Daladala

Kawe, Dar es Salaam
19 Epulo 1994

Okondedwa alongo anga aNankhoma,

Amene anayamba kundiuza za dzina la Mandaakana ndi atsibweni athu a Kenani, tsiku lija tinkafolera nkhokwe ya amayi ku Ntchisi, inu mukadali kumsana. Ndayambira pamenepo kuti mudziwe kuti sindinaiwale kanthu. Kalata yanu inafika. Munafunsa ngati mdzukulu wabadwa, ndiponso ngati ndamupatsa dzinalo monga munandituma. Wabadwa, ndi mwamuna, akuyamwa bwino, amake, mpongozi wanga Dafroza, nawo ali bwino. Koma za dzinazo yambani mwakhala pansi. Akundilembera ndi a Theresia a kutchalitchi kwathu, kwawo ndi ku Dedza, ndipo ndawauza kuti alembe mmene zikutulukira m'kamwa muno, zonunkha zomwe.

Nkhaniyi inu mukuidziwa, koma ndiibwereza kuti a Theresia amve chimene akulemba. Atsibweni anati chaka cha nthomba, agogo awo a amayi anali atataya kale ana asanu. Wachisanu ndi chimodzi, mwamuna wongoyamba kukwawa, naye anazizira. Anamukulunga mumphasa, ulendo wa kumanda. Okumba atafika m'mawondo anapeza thanthwe. Anasuntha, nakumbanso, thanthwenso. Ali mkati mokangana kuti tikumbe pati, m'mphasa muja munamveka kuyetsemula. Wamkulu wa okumbawo anangoponya khasu pansi n'kunena kuti, "Tiyeni kumudzi, manda akana." Mwanayo anafa ali ndi imvi, mano atatha m'kamwa.

Chiyambire pamenepo alitenga amuna anayi okha, womaliza ndi akulu athu aja tinaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Malamulo ake atsibweni anati ndi awiri. Loyamba, silikhala pa awiri nthawi imodzi. Mwini wake atsikire kaye kuli chete, maliro ametedwe, ndiye lipite pa wina. Lachiwiri, silikuwidwa. Mukukumbuka amayi ankachita kuyenda mpaka kudambo kukawagwira akuluwo paphewa, osawaitana ali patali, kuopa kuti manda angamve n'kusintha maganizo. Ndiye poti kwanuko kwakhala kukubadwa akazi okhaokha, munati dzina lidikire kuno, m'manja mwanga, kufikira Evarist mwana wanga atabala mwamuna.

Alongo, dzinalo lero lili kumbuyo kwa daladala.

Daladala ndi timinibasi tonyamula anthu mumzinda muno. Kale zinali zoletsedwa, koma chitsegulireni boma zitseko aliyense ndi wamalonda: kaunjika ali mbwee, mawailesi ali mbwee, magalimoto otha ntchito kwawo akubwera pa sitima ngati nsomba. Fakitale ija ankagwirako Evarist itatseka, anatenga za m'manja zimene anamupatsa n'kugula imodzi, yoyenda Kawe mpaka Kariakoo. Ndinayamika Mulungu. Tsiku lina ikubwera, ndinangoona zilembo zofiira pagalasi lakumbuyo. Ine kuwerenga sindidziwa, inu mukudziwa. Ndinafunsa mayi wogulitsa mandasi kuti palembedwa chiyani, iye n'kukuwa pamsewu ponse, akuseka, "Mandaakana!"

Ndinamudzudzula Evarist, iye anati, "Baba, ndi heshima, ndikuwalemekeza akulu anu." Ulemu wanji? Pansi pa dzinalo ndi pamene pamatuluka utsi. Oledzera amakodzera tayala lomwelo. Okwera amalavulira pawindo, malovu n'kumatsikira pa zilembo. Ndiye pali anyamata oitanira anthu aja, kuno amati wapiga debe, maso ofiira, m'kamwa mukununkha kachasu m'mawa, amamenya chitsulo ndi chikhatho n'kumakuwa kuti patsala malo a awiri tinyamuke, "Mandaakana, Mandaakana, Kariakoo, wawili twende!" Dzina limene amayi sanalikwezepo mawu moyo wawo wonse, likukuwidwa kuyambira tambala mpaka dzuwa kulowa.

Zikanathera pamenepo mwina ndikanamugonjetsa. Koma mvula ya chaka chatha daladalayo inaterereka m'chigwa cha Jangwani, n'kugubuduzika kawiri, matayala m'mwamba. Munali anthu odzaza mpaka pakhomo, koma onse anatuluka akuyenda ndi miyendo yawo, wina anangothyoka dzino. Basitu, mbiri inawanda. Woyendetsa anawamasulira m'Chiswahili tanthauzo lake, ndipo chiyambire tsikulo amayi apakati ndi nkhalamba amalola daladala zitatu zidutse, kudikira iyoyo, ati siipha munthu. Ena ataona choncho anayamba kukopera. Panopa ndikudziwa daladala zinayi za eni ena zolembedwa dzina lathu. Ku Ubungo kuli wokazinga tchipisi walilemba pa kanyumba kake. Pa Kariakoo pali bambo wogulitsa ufa wa mizu wopatsa amuna mphamvu, a Theresia akana kulemba mmene amauitanira, naye botolo lake ndi Mandaakana. Ndipo kuno ku Kawe msodzi wina watcha galu wake, galu wa nkhupakupa wodya matumbo a nsomba, chifukwa ati anagundidwa ndi lole osafa. Mu Dar yense mulibe mwana wa munthu ngakhale mmodzi wa dzinali, koma galu alipo.

Tsopano za Loweruka lapitali. Mchombo utagwa, asewere anga, amake a Dafroza, anati mwana atuluke m'chikuta monga kwathu, ngakhale anabadwira kuchipatala. Anamumeta, anamusambitsa, tinakhala pabwalo masana. Dafroza anabwera chogwada n'kundiika mwana m'manja. Iye Chichewa amamva chonse koma polankhula chimamuthawa, anangoti, "Baba, mwana uyu. Dzina."

Ine ndinati, "Evarist, dzina lilipo, koma lili ndi mwini. Kafufute pagalimoto paja, ndimupatse mwanayu."

Iye anaseka. "Aa, Baba, mupatseni tu. Shida ili pati, vuto n'chiyani? Mwana Mandaakana, gari Mandaakana, zonse ndi zanga."

"Silikhala pa awiri."

"Awiri anthu. Ichi ndi chitsulo."

"Chitsulo chimene akachiitana chimaima? Ukufuna mwanayu akamadzapita kusukulu anzake azidzamumenya pamsana n'kumati Kariakoo, Kariakoo?"

Asewere anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa. Evarist nkhope inasintha. Anati, "Ndikafufuta, anthu akwera za akuba dzina aja. Phala la mwanayu lichokera pa zilembo zimenezo. Inu mukufuna dzina loyera pa mwana wanjala?"

Ndinati, "Ndiwe wopanda manyazi, wagulitsa akulu anga pamsewu."

Ndiye anandiyang'ana n'kunena pang'onopang'ono, m'Chichewa chabwinobwino chimene sindinkadziwa kuti ali nacho, "Ine ndinalimva kwa Fundi. Fundi analimva kwa yani?"

Apa a Theresia aika cholembera pansi, akundiyang'ana. Lembani, mayi, ndanena kale kuti zonunkha zomwe.

Alongo, pali mtengo wa mango pafupi ndi msika pamene timasewera bawo ife nkhalamba. Tsiku lina, daladala isanagulidwe n'komwe, Mnyakyusa wina ndi Mngoni wa ku Songea ankanyadira maina a makolo awo, ati awo anapha mikango, awo anamenya Majeremani. Wina n'kuti, "Nanga inu Wanyasa, maina anu si a ukhukhi ndi ulonda basi?" Pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinaimirira. Ndinaifotokoza yonse m'Chiswahili, ndi manja omwe. Manda awiri aja ndinawasandutsa asanu ndi awiri. Ndinaikamo mphezi, ndinaikamo kambuku atakhala pathanthwe. Pofika pa kuyetsemula ndinayetsemula ndithu, anthu n'kugwa nazo pansi. Ndipo dzinalo ndinalikuwa, katatu, mpaka amayi a pamsika anatembenuka. Fundi, wolemba zikwangwani, anali pomwepo. Anandigulira botolo n'kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Evarist kunyumba ndinayesapo kangati kumuuza nkhaniyi, iye n'kumayang'ana wailesi? Anakaimvera kwa Fundi, ya kambukuyo, ndipo ndi imene anaikonda.

Pabwalo paja ndinangobweza mwana kwa amake wopanda dzina, anthu anadya mpunga mwakachetechete n'kubalalika. Dafroza anandiuza kuti mawa lake akatekisiti alemba maina a ana odzabatizidwa, ndiye asapite chimanjamanja.

M'mawa mwake Lamulungu ndinadzidzimuka ndi phokoso panja, kwee, kwee, kwee. Nditasuzumira ndinaona Fundi ali kumbuyo kwa daladala ndi lumo, akupala zilembo, zofiirazo zikugwera pamchenga. Alongo, misozi inatuluka. Ndinati mwana wanga wamva. Ndinasamba, ndinavala jekete lija la ukwati wa Evarist, ndinauza Dafroza kuti abweretse mwana. Ndinatuluka naye m'manja, dzina lili kale palilime, ndikulisunga kuti ndimunong'oneze m'khutu chilembo chomaliza chikagwa.

Fundi anandilonjera m'Chiswahili, akuloza ntchito yake, "Shikamoo, mzee! Waona kazi?" Pambali pake panali chitini cha penti wa golide. Ndinamufunsa kuti pentiyo ndi wa chiyani. Iye, akusekerera ngati akundipatsa mphatso, anati bwana walamula kuti zakalezo zachepa. Alemba zazikulu, kumbuyo ndi kutsogolo komwe, ndipo pansi pake aonjeza mawu akuti orijino, kuti anthu adziwe yeniyeni. Anatinso, "Ndijambulaponso kambuku uja. Anali wamawanga akulu kapena aang'ono?"

Evarist anali atakhala pa mpando wa dalaivala, chitseko chotsegula, akumwa tiyi, osandiyang'ana. Dafroza anali ataima kumbuyo kwanga, atavala kale za kutchalitchi. Anati, "Baba, nthawi. Ndikanene chiyani?"

Ndinati, "Deo. Ukanene kuti Deo." Ndi dzina loti ukaliitana pamsika wa Kawe amatembenuka anthu asanu. Palibe amene angalilembe pa galimoto.

Choncho dzina lija ndakubwezerani m'kalata muno, silinagwire ntchito imene munandituma. Ngati lingasambitsike, inu ndi azimayi a kwathu ndi amene mungadziwe. Mwana wamwamuna akadzabadwa kumeneko mudzaone nokha chochita, ine musadzandifunse, ndilibe pakamwa. Mukapita kumanda kukalambula, mukawauze akulu athu zimene zachitika. Mukanene kuti ndi ine, musakatchule Evarist.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa ana anu onse ndi zidzukulu zanu zazikazizo. Dafroza akuti moni, ndipo watumiza chitenje ndi amene abweretse kalatayi. A Theresia akuti moni, dzanja latopa. Evarist sindinamuuze kuti ndikulemba. Deo naye akupereka moni. Ndimakhala naye pakhonde amake akamachapa. Makutu ake ndi a akulu athu enieni, otambalala aja, koma sindinauze munthu aliyense.

Ine mlongo wanu,
Laurent