Zimene foni sinajambule pa mitsuko yanu

Amayi anga, kumene muliko mukukhala bwanji? Kuno ku Biriwiri tilipo ndithu, kungoti chisanu chachedwa kuchoka chaka chino.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Tiyamike anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Kachewere anachita bwino kudimba lakumunsi, koma ku Lizulu aliyense anabwera naye nthawi imodzi, moti tinangogulitsa motaya. Denga la khitchini likudonthabe pakona pomwe paja.

Ine ndikadali pano, Amayi. Ndinabwera kumaliro anu ndi kachikwama ka masabata awiri, koma ndakolola kawiri. Mng'ono wanu Anangozo maso aja anatheratu, ndipo palibe wina wowatsogolera. Achimwene ku Joni amangotumiza mawu pafoni kuti, "Achemwali, inu ndiye muli pafupi." Pafupi bwanji, nyumba yanga ili ku Lilongwe? Ku nyuzipepala andipirira nthawi yonseyi ndikutumiza nkhani zanga pafoni. Tsopano akuti akufuna munthu wokhala mu ofesi, ndipo ndikapanda kufika mwezi uno usanathe, mpando wanga apatsa wina.

Chinanso chandimanga ndi mitsuko yanu. Mukukumbuka tsiku lija Tiyamike anakujambulani mukuumba? Munamukalipira kuti, "Chotsa kagalasi kakoko, ukundichititsa manyazi ndi dongo langa." Mutamwalira, kanemayo anamuika pa intaneti. Anthu am'tauni anayamba kuimitsa magalimoto pamsewu, kufunsa mitsuko ya agogo aja. Mayi wina anandiuza kuti filiji ali nayo, koma madzi ake amangozizira opanda kukoma, pomwe a mumtsuko amanunkhira mvula yoyamba. Bambo wina anayendetsa chala pakhosi pa mtsuko, m'mizere ija munkalemba ndi chitsononkho. Akuti ntchito yake ndi yapakompyuta, ndipo palibe chimene anapangapo choti n'kuchigwira ndi manja. Ndinakumbuka mmene munkadandaulira kuti zigubu zapulasitiki zakupherani malonda.

Mitsuko imene munasiya inatha. Ndinati ndiumbeko yowerengeka ndisanapite, poti mphunzitsi ndinali naye m'thumba. Ndinaonera kanemayo mpaka kuloweza chala chilichonse. Ndinakakumba dongo kudambo lanu lija, kulikanda, kuumba monga mmene manja anu ankayendera, kusalaza ndi kamwala kanu, n'kuyanika pamthunzi. Inatuluka isanu ndi iwiri, yokongola moti ndinadzitama. Tsiku lootcha ndinaunjika makungwa, kuyatsa. Moto utangogwira ndinamva phu! Kenako phu! Yonse inaphulika.

Anangozo anali pakhonde, akuwerenga ndi makutu. Anati, "Iwe, tabwera nalo kuno phale limodzi." Analipapasa, nalikhudzitsa palilime. "M'dongomu unasinjiramo mapale akale?" Ndinayankha kuti mukanema mulibe zimenezo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga foniyo inalipo dzulo lake? Amayi ako ankasinja mapale kuseri kwa nkhokwe, wojambulayo asanabwere. Dongo lokhalokha silipirira moto, ophunzira inu!"

Amayi, phokoso la kusinjako ndinkalimva kuyambira ndili mwana. Sindinafunsepo kuti mukusinja chiyani. Ndinkakhala pansi pa mpichesi, mutu uli m'mabuku, ndipo inu munkati, "Werenga mwanawe, matope asiyire ine." Ndinakumverani mopitirira.

Ndinakhala paphulusapo misozi ili chuchuchu. Anangozo anati, "Ukulira chiyani? Dzulo unalibe mapale, lero uli nawo lichero lonse. Sinja." Ndinasinja. Tsopano m'mawa uliwonse amandigwira dzanja, kulilowetsa m'dongo, n'kumati apa lauma, apa lamwa madzi ambiri. Ndinayesa kuwajambula kuti ndikaphunzirire ku Lilongwe, koma pafoni pamangooneka nkhalamba ikutsina matope. Chimene chala chawo chikumva sichilowamo.

Mitsuko yatsopano ili inayi, ndipo akuti isaone moto masabata atatu asanakwane. Mwezi watsala ndi masiku asanu ndi anayi. Ndikapita, Anangozo akawatula kwa achibale ku Sharpevale, kumene sadziwa ngakhale njira ya kubafa, ndipo zonse zili m'zala zawo zikathera konko. Ndikakhala, ntchito imene munandilipirira sukulu ndi mitsuko yomweyi yapita. Ndakhala ndikuzungulira pamenepa ngati mbuzi yapachingwe.

Lero m'mawa ndawayankha a ku ofesi kuti apatse wina. Sindikunamizani kuti ndasangalala. Basi ya ku Lilongwe ikamadutsa kumsewu ndimaimika ntchito mpaka phokoso lake lithe, ndipo nthawi zina ndimakukwiyirani, inu ndi dongo lanu. Sindidziwanso ngati inayiyi ipulumuke pamoto.

Koma ndikulonjezani chimodzi. Woyamba kutuluka wamoyo sindigulitsa, ngakhale wagalimoto achonderere bwanji. Ndikatunga madzi kuchitsime, ndiwathire mmenemo, chikho choyamba amwe Anangozo, andiuze okha ngati ndafikapo.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale masiku amene ndakwiya.

Ndine mwana wanu,
Esinati