Kagetsi ka Kuseri kwa Kompyuta

Lolemba, 19 Epulo 1999

Ndafika ku ofesi ndapeza mayi Rahila, amene amatisesera, atagwada pansi ndi chikolopa. Nkhungu zija zinatuluka m'nyanja Loweruka ngati utsi zinalowanso muno, podzera pa zenera losweka limene takhala tikulidandaula chaka chonse. Pansi bii, patebulo panga bii, fungo ngati la usipa wovunda. Kumudzi anthu anazikola ndi malichero n'kupeza ndiwo, ife zangotisiyira ntchito. Mayiwo anasesa, anapukuta, ndipo pamene bwana Grey amafika n'kuti muli mbee.

Kompyuta yayaka bwinobwino. Ndamaliza lipoti la alimi athu a mpunga a ku Benga, ndalitumiza ku pulinta. Zii. Ndatumizanso. Zii. Pulinta ili mu ofesi ya bwana, yolumikizidwa ku kompyuta yawo, ndipo yangayi imalankhula ndi yawoyo kudzera pa chingwe chotuwa chimene anachiboolera khoma. Lero sizikulankhulana. Ndazimitsa, ndayatsa. Ndazula chingwe, ndabwezera. Kagetsi kobiriwira kamene kamayaka kuseri, polowera chingwepo, kazima.

Bwana anaima pakhomo manja ali m'thumba. "Wagwira ndani?" Funso lawo ndi lomweli nthawi zonse, ngakhale denga likadontha.

Lachiwiri, 20 Epulo

Tsiku lonse pa telefoni ndi Dyton, katswiri wa makompyuta wa ku likulu lathu ku Lilongwe. Telefoni ili patebulo la bwana, kompyuta ili kwanga, ndiye iye akanena chochita ndithamange, ndikadine, ndibwerere kudzamuuza zomwe ndaona. Miyendo ikuwawa ngati ndachokera kudimba.

Anandilondolera mpaka pa mndandanda wa ziwalo zonse za kompyuta. Kiyibodi ilipo, mausi ilipo, sikirini ilipo. Kadi ya netiweki, imene chingwe chija chimalowamo, palibe. Akuti ikanakhala yodwala chabe ikanaoneka ndi kachizindikiro kachikasu pambali, koma apa kompyuta ikukana kuti inayamba yakhalapo nayo. Ndinaiuza kuti isake chiwalo chatsopano. Inasaka, inasaka, n'kundiuza kuti sinapeze kanthu.

Kenako D. anafunsa mongocheza ngati simunalowe madzi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinabwereza mokweza, "Madzi?" Bwana anadzutsa mutu.

Anaitanitsa mayi Rahila. Mayiwo sanabise. Anati anapukuta pamwamba pa bokosi ndi kansalu kofinya chifukwa nkhungu zinali zitamatirira. Bwana anati basi, nkhani yamveka, apite kunyumba akadikire. Mayiwo anatuluka tsache lili m'manja, atafika panja anakumbukira kuti si lawo, n'kubwerera kudzaliimika kuseri kwa chitseko. Chimenechi ndiye chandipweteka.

Lachitatu, 21 Epulo

Ndayesa chingwe china chimene chinatsala m'katoni. Chimodzimodzi. Ndaika changacho pa kompyuta ya bwana, kagetsi kawo kayaka, ndiye chingwe n'chosalakwa. D. anati ndiikenso pulogalamu yoyendetsa kadiyo kuchokera pa disiketi. Ndaika, ndafufuta, ndaikanso. Kunali kuphikira mlendo amene sanabwere.

Wasesa lero ndi Tione, mng'ono wa akazi a bwana. Akuti wangobwera kudzathandiza. Wothandiza wafika kale ndi kapu yakeyake ya tiyi.

A Kalilu, alonda athu, abwera ndi uthenga woti mayi Rahila akupempha chitenje chawo chija. Ndinali nditachiiwala. Poyamba mayiwo ankafunditsa kompyuta madzulo alionse, monga amachitira ndi wailesi kwawo. Chitenjecho anachilandira pa msonkhano wa ndale, ndipo pakati pake pali chinkhope cha munthu wina wofuna uphungu, masaya ngati mandasi. Iwo sali chipani chilichonse, amalandira kwa aliyense wogawa. Mwezi watha bwana atachiona anapsa mtima. Akuti azungu otithandiza atabwera n'kupeza nkhope ya ndale mu ofesi, chaka cha chisankho chino, pulojekiti ingatsekedwe. Anachivundukula okha, n'kunena kuti kompyuta si khanda kuti izifunda. Ine ndinaseka nawo. Chitenjecho ndachipeza m'dirowa yapansi, ndikawapatsira ndekha mawa.

Mutu ukugunda. Mwana wanga Mwawi akufuna ndimuthandize masamu, ine maso akungoona mndandanda uja.

Lachinayi, 22 Epulo

Bwana anena m'mawa kuti mawa masana adziwitsa ku Lilongwe kuti kompyuta inawonongedwa ndi wosesa, ndipo ntchito itengedwa ndi Tione. Akuti iwo sangasenze mlandu wa munthu wina. Ndinafunsa ngati sitingadikire kuti D. adzaione kaye. D. sabwera mpaka mwezi wamawa, galimoto ya ku likulu ili ku garaja.

Bwana atatuluka kupita ku banki ndinamuimbiranso D. Mawu anatsitsa ngati tikugulitsana chamba. Akuti mwina kadiyo yangosuntha, kapena m'mano mwake mwalowa zinyalala. Kutsegula bokosi, kuizula, kupukuta, kubwezera, basi. "Koma ine sindinakuuze, Keti."

Vuto ndi chomata chofiira chimene otithandiza anamata pa msoko wa bokosilo. Tonse tinasaina kuti wong'amba chimenechi mlandu ndi wake, ndipo kontirakiti ikhoza kutha pomwepo. D. akuti alipo amene amachinyamula pang'onopang'ono ndi lumo bwana ali ku nkhomaliro, n'kuchibwezera osaoneka.

Nditaweruka ndinadzera kwa mayi Rahila. Ndinawapeza akusankha mpunga pakhonde, mwana wawo Asha akuwerenga pambali. Bambo a mwanayu anamwalira chaka chatha. Anandiyalira mkeka, n'kulandira chitenje chija ndi manja awiri ngati ndawagulira chatsopano.

"Yachira, a Keti?"

Ndinati ayi.

"Wallahi, kansalu kaja ndinakafinya mpaka manja kuwawa. Dontho silinagwe." Anapitiriza kusankha mpunga, kenako anati, "Riziki, chakudya cha munthu, amagawa ndi Allah, ntchito ikatha yatha. Koma asandilembe kuti ndine wowononga. Pa boma pano timadziwana tonse. Adzandipatsenso tsache ndani?"

Ndinangofunsa Asha za sukulu.

Pobwerera ndakhala ndikusinkhasinkha za lumo lija. Ndingathe. Manja anga sanjenjemera. Koma ndikatsegula mobisa n'kuikonza, bwana adzapeza yayamba kugwira ntchito yokha, ndipo adzati madzi aja auma. Kompyuta idzachira, mayi Rahila adzakhalabe olakwa, Tione adzakhazikika. Chimene chili m'katimo, kaya ndi chiyani, chiyenera kuonedwa ndi maso a bwana eni ake. Ndipo ngati mulidi madzi? Ndiye kuti tonse awiri tapita.

Ndatopa. Ine ndinaphunzira kutaipa kuti ndizikhala pa mthunzi, osati izi.

Lachisanu, 23 Epulo

Ndinabwereka sikurudiraiva ya a Kalilu, imene amakonzera njinga yawo, ndipo ndinawapempha kuti asapite kunyumba msanga. Ndinazula mawaya onse, ndinakweza bokosi patebulo, ndinakagogoda kwa bwana kuti abwere adzaone chinachake. Anabwera akuwerenga nyuzipepala. Ataona sikurudiraiva anaipinda.

"Keti, mukudziwa zimene munasaina."

Ndinati ndikudziwa, bwana.

"Muli ndi mwana inu."

Ndinati mayi Rahila nawonso ali naye. Ndinadutsitsa chikhadabo pa chomata chija. Kanthu koopedwa chonchija kanang'ambika ngati pepala la switi.

Chivundikiro chitachoka fungo la Lolemba lija linatulukamo. Madzi ayi, ngakhale chizindikiro chake. Kumbuyo, pambali pa kadi, pali kabowo kotalika kamene oika kadiyo anaiwala kutseka, ndipo nkhungu zinalowera pamenepo. Zinaunjikana pa kadi yonse, zinadzaza mu mpata umene kadiyo imakhalamo, zonyowa, zoumbika ngati zimene amayi amaumba kuti aanike. A Kalilu anasuzumira n'kunena kuti apa pali ndiwo za anthu awiri. Palibe anaseka.

Ndikuganiza kuti zinatsata kagetsi kaja. Sikazima ngakhale kompyuta itazimitsidwa, ndiye mu mdima wa Loweruka kuwala muno kunali komweko. Kale chitenje chinkakabisa. Izi sindinanene. Bwana anayang'ana kabowoko, anayang'ana zenera losweka, n'kuyamba kukanda chibwano.

Ndinamasula kadi, ndinaikoka. Ndinasesa mu mpatamo ndi mswachi wouma, mano ake achikasu aja ndinawakwecha ndi labala ya pensulo monga ananenera D. Poibwezera inakana, ndinakanikiza ndi zala zonse mpaka inati khu. Ndinalumikiza mawaya, ndinayatsa.

Inatenga nthawi yake, monga mwa masiku onse. Kenako inalemba kuti yapeza chiwalo chatsopano. Ndinazungulira kuseri, kagetsi kali ngwee. Mu ofesi ya bwana pulinta inayamba kulira yokha, kutulutsa lipoti la ku Benga lija mobwerezabwereza, lonse limene ndinatumiza Lolemba mwaukali. Tione, amene anali pakhomo ndi tsache, anathamanga kukatola mapepala.

Bwana anakhala pa mpando wanga. Sindinawaonepo otopa chonchi. Anauza a Kalilu kuti podutsa akanene kwa mayi Rahila kuti abwere Lolemba. A Kalilu atatuluka, bwana anatola chidutswa cha chomata chija n'kumachitembenuza.

"Ichi sindingachibise, Keti. Otithandiza akabwera adzayamba n'kuyang'ana pamenepa. Ndikabisa ndipita ndine."

Anati ndikhale kaye kunyumba mpaka a ku Lilongwe agamule. Anawonjezera kuti adzanena kuti ndinakonza, mwina zingathandize. Ndinathokoza. Sindikudziwa chimene ndimathokoza.

Ndinamuimbira D. ndisanachoke kuti kadi yabwerera. Anakondwa. Nditamuuza kuti ndinatsegula bwana akuona, anati, "Ine paja sindinakuuze."

Loweruka, 24 Epulo

Kuchapa, kugona. Mwawi sindinamuuze.

Lamulungu, 25 Epulo

Ku tchalitchi ndinawodzera ulaliki wonse. Masana ndinatulutsa taipilaita yanga yakale pansi pa bedi kuti ndione ngati ikadali moyo. Riboni yauma, chilembo chimodzi chikukakamira. Pa khonde la positi ofesi pali kale anthu awiri otaipira anthu, wachitatu sindikudziwa ngati angadye. Ndinaibwezera pansi pa bedi.

Lolemba, 26 Epulo

Thupi silimva kuti munthu waimitsidwa. Ndinadzuka nthawi yanga, ndinasamba, ndinavala siketi ya ku ntchito ndi nsapato, Mwawi anapita ku sukulu akuganiza kuti nanenso ndikupita ku ntchito. Nditatseka chitseko m'pamene ndinakhala pansi pakhonde, chikwama pamiyendo.

Mayi Rahila anatulukira pa njira ya ku mzikiti akuyenda mwachangu, chitenje chija chili m'khwapa. Atandiona anapatuka, nkhope yonse mano okhaokha. A Kalilu anangowauza kuti munapezeka nkhungu ndipo abwerere, zinazo sanamve.

"Alhamdulillah, a Keti. Ndinanena ine kuti dontho silinagwe."

Anatambasula chitenje kuti ndione. Pa chinkhope paja asokapo chigamba cha thumba la ufa, bwinobwino, mbali zonse. Kwatsala makutu okha.

"Apa bwana anenanso chiyani? Madzulo ndikaifunditsa." Anachipinda, n'kundiyang'ana. "Nanga mwakhaliranji? Tiyeni, tachedwa."

Ndinati tsogolani mayi, ndikupezani.

Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa mtengo wa mango. Kenako ndinavula nsapato.