Pedulo Ndakutumizira, Koma Nambala 7 Usaikhulupirire

Germiston, Joni
17 Ogasiti

Mlongo wanga Nancy,

Landira moni wochokera kuno kozizira. Uli bwanji? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika pa thandala la usipa? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa. Ogasiti wa kuno ndi mphepo ndi fumbi basi, ndipo kuntchito tikudulabe zitsulo za mageti kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Kalatayi ili m'katoni imodzi ndi pedulo yanga ya gitala, kabokosi kosinthira mawu kaja. A Twaibu, aja amanyamula katundu wa anthu a kuno, akuti akaitula pa depoti ya Salima Lachisanu. Ukaitenge wekha, usatume wakabaza. Ndalemba papepala chifukwa ndimakudziwa iwe, uthenga wa pafoni umamvera kamodzi n'kufufuta.

Unandiuza kuti pa mwambo wa chiliza cha ababa mu Okutobala ukufuna kudzaimba nyimbo yawo ija ankatsekera nayo m'maloji a ku Senga Bay. Ine sindibwera. Mapepala anga sanalongosoke, ndikatuluka sindingalowenso, ndipo zikundiwawa kwambiri. Ampu yawo, chokuzira mawu a gitala chija, inafa madzi a nyanja atalowa m'nyumba, ndiye chomwe chingakuthandize ndi kabokosi aka.

Tsono mvetsera, usachite phuma lako lija. Pa sikirini upeza mawu akuti CAB, ife timangoti kabu. Ntchito yake ndi kutsanzira bokosi la sipika, kuti gitala imveke ngati ikutuluka mu ampu yeniyeni. Ukalumikiza pedulo molunjika ku mikisa ya kutchalitchi, makina aja amalumikizako maiki ndi zoimbira, kabu ikhale yoyaka. Ukaizimitsa, gitala izingolira ngati njuchi m'chitini. Koma ukabwereka ampu ya gitala kwa wina, pamenepo uizimitse, apo ayi mawu amatuluka ngati wawafunditsa bulangete.

Geni nayo usaithamangire. Ndi yomwe imakhadzula mawu kuti akhale aukali, ndipo imakoma ikakhala yochepa. Yambira pa 30, umenye zingwe mwamphamvu monga udzamenyere tsikulo, kagetsi kofiira kakaphethira ubweze pang'ono. Ukafuna kuti akumbuyo amve, kweza voliyumu, geni uisiye.

Tsopano ndikuuze chomwe chandichedwetsa kulemba kalatayi masabata awiri. Peduloyi imasunga kamvekedwe kamene wakonza pa manambala, ndipo pa nambala 7 ndinalembapo kuti ABABA. Zaka zitatu ndakhala ndikupotokola pamenepo kusaka mawu a ampu yawo, ija ya sipika imodzi yong'ambika imene anaimata ndi guluu ndi kachigamba ka chitenje cha amayi. Ndinkadzitama kwa iwe pafoni kuti ndatsala pang'ono kuwapeza. Ndinkanama osadziwa.

Mwezi wathawu, mapemphero atatha ku tchalitchi chathu cha Amalawi kuno, a Samueli otsogolera bandi anandikokera pambali. Anati gitala yanga yayamba kulasa m'makutu, moti azimayi a kutsogolo akumasamukira kumbuyo. Ndinapsa mtima, Nancy. Ndinawauza kuti ine ndinayamba kugwira gitala iwo asanadziwe n'komwe kulumikiza kebulo, ndipo vuto ndi mikisa yawo yotopayo. Iwo sanandibwezere. Anangondipempha kuti ndikafika kunyumba ndikayang'ane manambala anga.

Ndinakatsegula kope lomwe ndinalembamo zonse chaka choyamba. Geni inali pa 34. Pa pedulo ndinaipeza ili pa 81. Mawu osongoka, aja opyapyala obaya m'khutu, ndinali nditawakweza mpaka kumapeto, ndipo kabu inali yozima, ngakhale timalumikiza ku mikisa. Ine amene ndakulangiza pamwambapa! Palibe anandikhudzira. Ndinkawonjezera ndekha, lero kawiri, sabata yamawa katatu, chifukwa gitala inkamveka ngati ili kuseri kwa khoma. Kabu ndinaizimitsa dala tsiku lina, poti ikazima mawu amabaya, ndiye ndinkadzimva.

Ku kiliniki anandiveka mahedifoni n'kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Atayesa khutu lamanzere, dzanja langa linangokhala pa bondo nthawi yaitali. Adokotala anati ndi phokoso la galayinda yodulira zitsulo kuntchito, zaka zisanu popanda zotseka m'makutu. Anati khutu lamanzere lapita ndithu ndipo silibwerera, lamanja nalo layamba kutsatira. Anandilangiza kusiya ntchito ya phokoso. Ndinangoseka, nanga ina ndiipeza kuti? Zotseka m'makutu ndagula, ndikuvala, koma usiku ndi usana m'mutu muno mumangoti nziii.

Bandi ndaisiya ndekha, sanandichotse. Ndatopa, mlongo wanga. Ndatopa ndi kugwedeza mutu anthu akamalankhula, kunamizira kuti ndamva. Amayi ndidzawauza ndi pakamwa panga mwambo ukadutsa, pakali pano ungodziwa iwe.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka masana, akwaya asanabwere, utenge pedulo ndi gitala upite nazo kutchalitchi, ndipo amayi upite nawo. Uwakhazike pa benchi yachitatu, osati pafupi ndi sipika. Tsegula nambala 7, uyatse kabu, usankhe ya sipika imodzi, yolembedwa 1x12. Geni uibwezere pa 30, mawu osongoka uwatsitse mpaka pakati. Kenako imba nyimbo ya ababa, ukabwereza uzisuntha chinthu chimodzi chokha, pang'ono pang'ono.

Amayi sadziwa geni, sadziwa kabu, koma ampu ija anaimva zaka makumi awiri akuyanika nsomba, akuchapa, akukalipa kuti ikudzutsa ana. Makutu awo ndi abwino kuposa athu tonse, paja amamva ngakhale ukanong'ona kuseri kwa bafa. Usawafunse ngati zili bwino, akuyankha kuti eya kuti muzipita. Ungowayang'ana. Adzayamba ndi kukulongolola, kuti wawachotsa pa ntchito, kuti benchi ikuwawa, kuti tsitsi lako silinapesedwe. Akadzangosiya kulankhula n'kuyang'ana pansi, usakhudzenso kalikonse. Dina batani losungira kawiri, zanga zija zifufutike. Usazimvere chisoni.

Ukatero ujambule pafoni nyimbo yonse, foniyo uyiike pa benchi pomwe akhala amayi, unditumizire.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti juzi ili pansi pa katoniyo ndi yawo. Moni kwa amalume ku Khombedza, ndipo uwapepese kuti ndikamawabwerezetsa mawu pafoni si mwano. Moni kwa azakhali, kwa alamu anga ndi ana, komanso kwa amayi a Zuleka oyandikana nafe, amene anapirira gitala ya ababa zaka zonse zija osadandaula.

Chonde usadikire Okutobala, Nancy. Adokotala sananene kuti khutu lamanjali litenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa. Ndikufuna ndiwamve ababa kamodzi lisanatseke.

Ndine mlongo wako,
Lameck