Mwala Umene Munapita Nawo

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Doha kwatentha, masiki akuchita kumata pakamwa. Ndiyambe ndi nkhani zabwino, chifukwa zili mumtimamu zikayamba kutuluka ndiiwala. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a Yohane, anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga chachita kudimba kokha, kumtunda mbozi zinamaliza. Mdzukulu wanu Tamanda, mwana wanga uja, wakhoza, akupita sitandade sikisi. Ine ndinachoka kwa madamu a ku Al Hilal aja, amene tsiku la maliro anu anandipatsa madzi akumwa kenako n'kundilozera mulu wa zovala zosita. Lamulo linasintha, munthu tsopano atha kusintha ntchito osapempha kalata kwa bwana. Ndinanyamula chikwama changa, osacheuka.

Pano ndikukolopa m'nyumba yoonetseramo zaluso ku Al Mirqab. Ndipo apa ndi pamene ndakwiya nanu, Amayi.

Mukudziwa zili m'magalasi amene ndimapukuta m'mawa uliwonse? Zoumba. Anaumba ndi mayi wina wa ku Mexico, dzina lake Amparo, amene anabwera kudzaonetsa ntchito yake kwa mwezi umodzi, ndege n'kuima chifukwa cha korona, iye n'kukhalira konkuno. Amaumba agalu onenepa a timiyendo tatifupi, akazi apakati osenza mitsuko, mbiya zakuda bii zonyezimira popanda penti. Akuti amatsata mmene makolo akwawo ankaumbira azungu asanafikeko. Anthu amalowa awiriawiri, manja kumbuyo, kumanong'onezana ngati ali m'tchalitchi. Dothi, Amayi. Dothi lomwe lija munkandimenyera.

Mwaiwala? Ndili ndi zaka za Tamanda ndinatapa pang'ono pa mtapo wanu kuseri kwa khitchini, inu n'kundikwapula zala ndi kamtengo. Munati, "Manja awa ndi a pensulo, dothi landikwana ndekha." Ndikalira munkawonjezera kuti woumba mbiya amadyera m'phale. Ndinakumverani. Pensulo ija yandifikitsa pano, ndagwira mopu, ndikupukuta galasi la mbiya za mayi a eniake.

Tsiku lina ndinalowa kuchipinda chakumbuyo kumene Amparo amagwirira ntchito. Ndinamupeza akupota dothi ngati chingwe, n'kumasanjikiza, ndendende inu. Kenako anamasula kansalu n'kutulutsa kamwala kosalala, nkhulungo, akuti kanali ka agogo ake. Atayamba kukulunga galu wina ndi mwalawo kuti asalale, ndinalephera kupirira, ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti dothilo silinaume mokwanira, alisiye mpaka mawa. Ndinamunyamula galuyo n'kumugunditsa patsaya kuti ndimve chinyezi, monga munkachitira inu. Mayi uja anandiyang'anitsitsa, n'kubweza mwala wake m'kansalu. Supavaiza wathu ataona pa kamera anandilembera kalata yochenjeza kuti wokolopa sagwira zinthu. Alembe, mapepala ndi ake.

Amparo anandipatsa dothi lodzaza manja awiri. Ndaumba kamphika katatu kumene timagona, katatu konse kang'aluka kasanaume n'komwe. Maso anga amadziwa zonse, Amayi, ndinkakuonerani kuseri kwa nkhokwe zaka zonse zija. Koma manjawa ndi mbuli, ndipo munawapusitsa ndinu.

Ndiye ndinaimbira achimwene a Yohane. Ndinati andisungire nkhulungo yanu yakuda ija, yokhala ndi kadzenje pamene pankakhala chala chanu chachikulu, ampatse Tamanda, chifukwa ndamva kuti mwanayo akaweruka kusukulu amakhalira kuumba ting'ombe ndi timiphika kudambo. Achimwene anandiuza kuti mwalawo uli m'bokosi mwanu, kumanda. Ndinayamba kuwakalipira, ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano, mpaka anandidula n'kunena kuti sanachite mwa okha. Munapempha ndinu, muli kuchipatala, mpweya ukuvuta. Munati auike m'manja mwanu kuti Tamanda asadzautole.

Zoona, Amayi? Mawu anali akutha, ine ndili kuno ndege kulibe, ndikudikira pafoni kuti mwina munditumizira kamawu kamodzi, inu mphamvu yotsalayo n'kuithera pobisa mwala?

Musaganize kuti sindikumvetsa. Ndinkakuonani mukubwera kumsika ndi mbiya zomwe munapita nazo, anthu atagula ndowa za pulasitiki. Ndinaona msana wanu ukupindika ndi mitolo ya nkhuni zowotchera. Ndimakumbukira mayi wina amene anakutchani wamatope pamaso pa ana anu, inu n'kungoseka. Ndikudziwa munkatitchinjiriza. Koma simunatifunse. Agogo anakupatsani mwalawo, iwonso anachita kupatsidwa, inu n'kuweruza nokha kuti zithere pa inu. Amparo akandifunsa kuti mwala wa amayi anga uli kuti, ndimangoloza pansi, iye amayesa ndikunena za kwathu.

M'mudzi monse watsala woumba mmodzi, mayi aang'ono a Nasimeti, ndipo maso awo ayamba kuchita chifunga. Ndawatumizira uthenga kuti Loweruka lililonse Tamanda azipita kwawo. Sukulu sasiya ayi, musatembenuke m'mandamo. Pensulo agwira, dothi agwiranso, manja ndi awiri.

Mwala wanuwo khalani nawo, ndi wanu, munaugwirira ntchito. Kontirakiti ikatha ndikubwera. Ndidzayamba kwa inu, ndidzasesa, ndidzalira maliro amene sindinalire. Ndikadzachoka apo ndidzatsika ndi Tamanda kumtsinje, tikasankhe wathu. Mbiya yoyamba imene sidzang'aluka tidzabwera nayo kudzaiika kumutu kwanu, ndipo kamtengo kokwapulira simudzakhala nako.

Ndine mwana wanu wamakani, amene amakukondani ngakhale atakwiya,

Esinati