Lezala pa Mawu a Amayi

14 Januwale 1986, Skotilandi

Chisanu cha ufiti. Dzuwa langosuzumira n'kubwerera. Mwezi wachinayi chifikireni kuno, kumene koleji yathu inandibwereketsa kuti ndifufuze mmene mawu amakwerera ndi kutsika m'Chiyao. Zoseketsa. Kwathu Chiyao pa wailesi sichimveka, kuno achipatsa chipinda ndi makina. Ndisalembe zambiri, kope nalo limayenda.

Ntchito yonse ili pa tepi imodzi. Ndinajambula Amayi pakhonde ku Nkope ndisananyamuke. Ine kutchula m'Chichewa, iwo kubweza m'Chiyao katatu. Madzi: mesi, mesi, mesi. Nsomba: somba. Makina akuno amafuna liwu lililonse palokha, loyera. Ndiye lezala m'manja, kudula, kumata. Zapakati zonse m'bini.

23 Januwale

Zapakatizo ndiye zochuluka kuposa ntchito yeniyeniyo! Amayi sangatchule "mbusi" osakalipira mbuzi yeniyeni. Kuseka, kutsokomola, kundinena. Lero ndadula apa: "Iwe Atumani, sukulu yonse ija kuti uzindifunsa dzina la nkhuku?" Ndaseka ndekhandekha mpaka mzungu woyang'anira makina wasuzumira.

Wandikumbutsanso kuti ndikadayamba ndakopera tepi yonse ndisanaidule. Nanga makina okopera si anafa, akuti akonza mwezi wamawa? Adikire ndani? Amayi alipo, sathawa. Ndikawajambulanso ndikabwerera.

3 Febuluwale

Kudula ndinamaliza dzana. Mzungu wayamikira kuti mawu ndi oyera.

Masana telegalamu ya mng'ono wanga Jaffalie. AMAYI ADWALA CHIPATALA MANGOCHI BWERANI. Jaffalie sangawononge ndalama chifukwa cha chimfine.

Ndaimbira ofesi yoyang'anira ife otumidwa kunja. Wotumidwa ndi boma sabwerera yekha ngati wochokera kumsika, chilolezo chichoke kaye kumudzi. "Lembani kalata bambo, tiona." Ndalemba. Ndafuna kukuwa, ndathokoza.

7 Febuluwale

Zii. Ndaimbanso, akuti bwana atuluka. Mbatatesi yowiritsa, tiyi. Mita ya magetsi yameza makobidi onse, ndagona ndi jekete. Amayi ndi chitsulo, anabereka asanu ndi awiri, malungo sangawagwetse. Ndikudziuza choncho.

10 Febuluwale

Telegalamu ina. Anamwalira Lachisanu m'mawa, anawaika tsiku lomwelo anthu atatuluka mumzikiti. Kwathu maliro sagona. Lachisanu lomwe ine ndimadandaula za mita.

Mayo ine, Amayi anga.

Ndathamangira kuchipinda cha makina. Bini mbee, amakhuthula madzulo alionse. Ndakwawa pansi pa tebulo, munthu wamkulu, wa madigiri. Kuseri kwa mwendo wa tebulo kachidutswa kamodzi, kotalika ngati chingwe cha nsapato. Basi. Pa zonse zimene anaseka tsiku lija, basi.

Mzungu watenga kachidutswako. Wakamata kumapeto kwa tepi, n'kukopera zonse pa kaseti. Makina okopera akonza tsopano, taonani! Wafunsa ngati ndikufuna kumva. Ndakana. Ndikamvera kwathu, pamodzi ndi abale anga. Ndekha sindingathe.

26 Febuluwale

Chilolezo chafika. Andilola kukaona mayi wodwala.

17 Malichi, Nkope

Ndafika dzulo. Pa siteji ku Mangochi anyamata a chipani kufuna khadi, ine misozi ili m'maso. Ndawaonetsa. Kutentha, fumbi, fungo la usipa pa thandala. Zonse zili m'malo mwake, mpaka mbuzi ija.

Kumanda ndi Jaffalie. Udzu wayamba kale kumera. Iye ndiye anawanyamula kupita kuchipatala, ndiye analowa m'manda kukawagoneka. Sanandidzudzule. Bola akadanditukwana.

Mlongo wanga Mwanamvua akuti masiku omaliza Amayi ankanena kuti, "Musalire kwambiri, mawu anga ali ndi Atumani ku Ulaya." Mudzi wonse ukudziwa. Agula kale mabatire atsopano, abwereka wailesi ya kaseti kwa aphunzitsi. Mkuja, pa sadaka ya masiku makumi anayi, akufuna awamve.

Sindinawauze za kudula kuja.

19 Malichi

Sadaka yatha bwino. Mpunga unakwana, ashehe apemphera. Alendo atabalalika, ife apabanja pakhonde lomwe lija. Ndatsegula wailesi.

Mesi. Mesi. Mesi. Somba. Somba. Somba.

Poyamba amayi aang'ono analira atangomva liwu. Kenaka kulira kunaleka. Anthu kuyang'anana. Munthu amene sankamaliza chiganizo osaseka, lero akuwerenga mayina a zinthu ngati mwana wa sitandade wani. Mwanamvua, chapansipansi: "Achimwene, nanga paja anakunenani za nkhuku? Ine ndinalipo, anaseka mpaka kugwira nthiti." Ndati ndinadula. "Munadula bwanji?" Ndati ndi lezala.

Liwu lomaliza, kaphokoso ka pomata, kenaka kachidutswa kaja. Amayi enieni, mokuwa, atatembenukira kumbali:

"Jaffalie! Mbuzi iyo!"

Jaffalie anadzambatuka. "Wawa!" Anafika mpaka pa masitepe asanazindikire. Anangokhala pomwepo, manja kumutu, kulira ngati mwana. Tonse tinalira, ena uku akuseka. Abwezera, abwezeranso, mpaka mabatire kufooka, mawu a Amayi kuyamba kukoka.

Kaseti ndamupatsa iyeyo. Ndi yake, amene amuitana ndi iye.

20 Malichi

Tsiku lojambula lija Amayi ananditchula kosawerengeka. Iwe Atumani, tamvera. Atumani, wadya? Paliponse pamene panali dzina langa ndinadulapo ndekha, mosamala, kuti lisadetse ntchito. Mtima ukuwawa, sindikudziwa poukhazika.

Jaffalie wafunsa ngati ndibwerere kukamaliza. Miyezi itatu yatsala.

Chiyambire m'mawa ndikuyesa kukumbukira mmene ankaliitanira. Pokwera mawu ndi potsika, si ndiye ntchito yanga imeneyo? Ndinawolokera nyanja zomwezo. A-tu-ma-ni. Ankakweza pa "tu" kapena pa "ma"? Ndayesa uku, ndayesa uku, zonse zikumveka ngati ine ndemwe. Mwanamvua akuti pa "ma". Jaffalie akuti ayi. Ine sindikukumbuka.